Tsiku limene bokosi la apongozi linandithamangitsa

Nkhani iyi ndimaikana, koma poti mboni ndi mudzi wonse kuno ku Nambuma, bola ndiulule ndekha manyazi anga.

Malemu apongozi anga aamuna, mphunzitsi wopuma, ankakonda nyimbo za piyano zakalekale, zojambulidwa iwo asanabadwe, zophokosera ngati mvula pa malata. Nyimbo ina ya maliro anali nayo kawiri, oyimba awiri osiyana. Ine mkamwini ndinkawasungira zonsezo mufoni yanga.

"Tamverani, aBanda," ankatero. "Uyu amadekha, chala chilichonse chimayamba chalira chisanagunde. Koma winayu! Ngati kondakitala woitanira minibasi pa Nsaru. Ndikadzafa mudzandiperekeze ndi wodekhayo."

"Ndamva, bambo," ndinkayankha. Koma kunena zoona, kwa ine zonse zinali ngwe-ngwe-ngwe basi.

Tsiku lina foni inadzaza. Nditaona nyimbo ziwiri za dzina limodzi, ndinadilita yaitaliyo poti imadya malo, osadziwa kuti ndi ya wodekha uja. Nzeru zanga zimenezo!

Apongozi anamwalira. Tsiku loika maliro abusa analengeza zofuna malemu: kwaya ikhale chete, adzukulu onyamula bokosi atsatire nyimbo. Ine kutsogolo, sipika nditamangirira pa njinga.

Ndinadina foni ija. Piyano inayamba mwaliwiro, miyendo yanga n'kumangotsatira, adzukulu nawonso pambuyo panga.

"Bambo a Chisomo, si imeneyo!" anakuwa mkazi wanga.

Thukuta kamukamu! Inayo ndiipeza kuti? Ndinaganiza zofulumira, tikafike msanga manyazi athe. Njira ya kumanda ndi yotsetsereka, njinga inayamba kundikoka. Adzukulu, pomvera abusa, anawonjezera moto.

"Bokosi likuthamanga!" anafuula mayi wina. "Malemu akulondola amene wawadya!"

"Ndi mkamwini! Taonani akuthawa!"

Kwathu kuno bokosi likathamangira munthu, mlandu watha, palibe apilo. Nditacheuka ndinaona amuna akutola miyala. Pamenepo ndinathamangadi, bokosi nalonso osandisiya. Polowera kumanda ndinapunthwa pa muzu n'kugwa chafufumimba, njinga pamwamba panga, piyano ikulirabe. Ndinkadziwa kuti ana anga atsala amasiye.

Apongozi aakazi, amene mwamwambo sankalankhula ine ndili pafupi, anadutsa pakati pa anthuwo, maso ali psuu ndi kulira.

"Tayani miyalayo," anatero. "Ufiti angauthe ameneyu? Amuna anga sakuthamangitsa munthu. Akuthawa woyimbayo!"

Palibe anaseka. Wina anazimitsa sipika, ndipo bambo aja tinawaika m'manda kuli zii, popanda nyimbo yomwe anandipempha. Chimenecho chimandiwawa mpaka lero kuposa bondo lomwe ndinasupuka.

Abale anga, zinthu zikafanana dzina, funsani mwini wake akadali moyo.