A Kaliati, Mdani wa Mababu

Ku Migowi kunali munthu mmodzi yekha woomba m'manja magetsi akazima: a Kaliati ojambula zithunzi. Masana ankajambula maukwati, usiku kamera kuloza kumwamba. Ankasaka kamtambo kofiira kamene kali pafupi ndi nyenyezi zitatu zondondozana zija, Akamwini Atsatana.

Adani awo anali mababu. Golosale babu, bala babu, thambo lonse mbuu ngati lawazidwa phulusa. Lowala koposa linali la a Belita okazinga tchipisi, moyang'anizana ndi khomo lawo.

"Mayi Belita, tazimitsaniko dzuwa lanulo!"

"Nyenyezi zanuzo zigula tchipisi?"

A Kaliati anayesa zonse. Anamata pepala lofiira la switi pagalasi la kamera, chinatuluka ndi babu la a Belita, lofiira bwinobwino. Anabwereka galasi la owotcherera zitsulo, chinatuluka ndi mdima wokhawokha, ndipo anaupachika m'fulemu.

Ine nditabwerako ku Cape Town, ntchito kumangozungulira pamsika n'kumadandaula za netiweki, ndinawaonetsa pafoni timagalasi tosefa kuwala. Timagalasito timatsekereza kuwala kwa mababu, n'kulola kufiira kwa kamtambo kawoko.

"Ndiye sefa ya ufa imeneyi! Yamaso ang'onoang'ono ndi iti?"

"Iyi, madala, koma imachedwa. Mujambula maola ndi maola. Tengani yapakatikatiyi."

"Mwana iwe, ndadikira zaka makumi awiri. Gaga sindimufuna."

Ndinaitanitsa mu Febuluwale, n'kuwalonjeza masabata awiri, mwachizolowezi cha kunja. Inafika mu Juni, Akamwini atasowa kale kuthambo. Manyazi anandigwira.

"Paja ndi akamwini," anaseka, akuika sefayo m'thumba la malaya. "Abwera ndi mvula kudzalima kwa apongozi."

Anamwalira m'chisanu chomwecho.

Mu Disembala, usiku wina mitambo itakanganuka, ndinaimika kamera ya a Kaliati pabwalo pawo. Ndikumangirira sefa, ndinangoona a Belita azimitsa. Kenako golosale. Kenako bala, ndi nyimbo zomwe.

"Amayi, yatsani, sefayi siopa mababu."

"Ndikudziwa, iwe wa ku Joni. Sindinazimitsire iwe."

Anakhala pabenchi, tchipisi chikuzizira, mpaka kamtambo kanatuluka pakamera, psuu ngati khala.

"Kani sankanama," anatero chapansipansi.

Chithunzicho chili pakhoma la a Belita, pansi penipeni pa babu lija. Masiku ano magetsi akazima, Migowi yonse imangoti "aaa!" Kenako zii, aliyense khutu ku khomo la a Kaliati.