Membala Wachisanu wa Komiti ya Laibulale

Inu, musandiuze za misonkhano ya komiti ngati simunamve zomwe zinawaonekera a Noeleen Tregaskis. Sendezani mpando kuno. Nkhaniyi ndinaimva kwa eni ake, ndipo pondiuza ankaseka uku akupukuta thukuta.

A Noeleen akhala akuyang'anira laibulale ya mbiri ya zachipatala pa yunivesite yathu kwa zaka makumi atatu ndi zitatu. Ndi chipinda chimodzi chachikulu pamwamba pa chipatala chakale, chodzaza ndi mabuku ophunzitsa kukhetsa magazi a wodwala kuti achire, macheka odulira miyendo, ndi mabotolo omwe palibe amalimba mtima kuwatsegula. Alendo amabwera anayi pa sabata, ndipo awiri mwa iwo amakhala atasochera pofuna chimbudzi. Koma a Noeleen chipindacho amachikonda koopsa. Ukagwira buku ndi manja onyowa, amakuyang'ana mpaka manjawo aume.

Laibulaleyo anaisiya ndi dokotala wina wolemera yemwe anamwalira kalekale, ndipo anaisiya ndi chikalata cha malamulo. Chikalatacho chimati komiti ya anthu asanu izikumana kamodzi pa chaka m'chipinda momwemo, onse asanu alipo, ndipo mmodzi akhale munthu amene anagonekedwapo m'chipatala chakalecho. Chaka chimodzi chokha asanuwo akapanda kukwana, chipinda chipite ku yunivesite. Ndiye yunivesite, inu, chipindacho inkachimezera malovu kuti itsegulemo malo ogulitsira khofi.

Anayi sankavuta. Panali Pulofesa Alwyn Kerslake, wapampando, dokotala wa opaleshoni wopuma pantchito, wodzimva kuposa onse omwe ndinawaonapo. Panali Dokotala Thea Vasilakis, mayi wosachedwa kuseka. Panali Dokotala Merv Dunstall, omwe ankagona msonkhano ukangoyamba, ndipo akadzidzimuka n'kuona mkono uli m'mwamba ankakwezanso wawo. Wachinayi anali a Noeleen, mlembi.

Vuto linali wachisanu. Odwala akale amachira n'kusamuka, kapena sachira n'kusamukabe. Chaka cha 1993, m'mawa wa tsiku la msonkhano, woimira odwala anaimba foni kuti wasamukira kutali, ku chisumbu cha Tasmania. A Noeleen anatsala pang'ono kulira. Pulofesa anangotembenuka n'kuloza pakona.

"Nanga Clarrie? Sanagonekedwe m'chipatala chino?"

Clarrie Hobb anali woyendetsa sitima zapamadzi yemwe anafera m'chipatalamo mu 1911, atasainira kuti mafupa ake aziphunzirirapo ophunzira. Anali chilili pakonapo, wolumikizidwa ndi waya, pa kachitsulo ka mateyala. Anamukankhira patebulo, asanu anakwana, ndipo anati n'za chaka chimenecho chokha. Zinakhala zaka makumi atatu ndi chimodzi.

Tsono chinawapweteketsa a Noeleen ndi kunyadira luso lawo lolemba maminitsi. Akanangolemba kuti "Bambo C. Hobb analipo" bwenzi zili bwino. Koma ayi, cholembera chinkawayabwa. "Bambo Hobb sanatsutse." Chaka china, "Bambo Hobb anamvetsera modekha mpaka kumapeto." Chaka chinanso, "Bambo Hobb anamwetulira msonkhano wonse." Bodza munalibemo, ndipo ankanyadira zimenezo.

Kenako yunivesite inatsegula ofesi yoyang'anira makomiti onse, n'kuikamo mayi wina dzina lake Bronte Aldous, amene amawerenga chilichonse, ngakhale zolemba za kuseri kwa tikiti ya basi. Iyeyu anawerenga maminitsi onse a a Noeleen, kenako anaimba foni.

"Mayi Tregaskis, ndagoma nawo Bambo Hobb! Zaka zonsezi osajomba, osachedwa, osakangana ndi munthu. Tawakonzera satifiketi ndi botolo la vinyo. Ndibwera ndekha pa msonkhano wanu Lachinayi kudzawapatsa. Ndibweretsanso pempho la yunivesite lija la malo a khofi, kuti komiti ivote."



"Bambo Hobb sakonda anthu," anatero a Noeleen.

"Ndingowagwira chanza basi."

"Chanza chawo n'chosalimba. Thupi latha, mayi. Latheratu."

"Ayi, zachisoni! Akudya koma?"

"Papita nthawi."

Mawa lake kunafika maluwa ndi kakhadi kowafunira Bambo Hobb kuchira msanga. A Noeleen anawaika pamapazi pa Clarrie, n'kumutsekera m'kabati yaikulu ya ma atlasi, maluwa ndi mwini wake yemwe.

Kunyumba anapeza amuna awo, a Lyall, akuwotcha masoseji kuseri. A Lyall anayendetsa basi zaka makumi anayi, ndipo zaka zonsezo pamwamba pa mutu wawo panali chikwangwani choletsa kulankhula ndi dalaivala. Chipumireni pantchito akhala akubweza mawu onse omwe anasunga.

"Lyall, ndikufuna undithandize. Lachinayi ukhala Clarrie."

"Uja wa mafupa uja? Noels, wandiyang'ana bwinobwino? Mimba iyi ndiibisa kuti?"

"Mayiyo sanamuonepo. Uvala jekete la ukwati wa mwana wathu Sharon lija, ukhala pansi, utseka pakamwa."

"Akandifunsa kanthu?"

"Umwetulira."

"Akandifunsanso?"

"Umwetuliranso. Ola limodzi lokha, Lyall. Mnzako wakwanitsa zaka makumi atatu."

"Kudzakhala chakudya?"

"M'laibulale mwanga sadyeramo."

"Ndiye n'chifukwa chake anaonda choncho," anatero a Lyall, koma anavomera.

Pulofesa ndi Dokotala Vasilakis anauzidwa za pulaniyo. Dokotala Dunstall palibe anavutika kuwauza, poti ankadziwa kuti akhala ali m'tulo.

Lachinayi Bronte Aldous anafika nthawi isanakwane, atanyamula chikwama cha mapepala, satifiketi, vinyo, ndi bokosi la makeke a kokonati. Makeke m'laibulale! A Noeleen anameza mawu, poti munthu wobisa mafupa m'kabati sachulutsa malamulo.

"Bambo Hobb! Koma mwachira msanga! Anandiuza kuti thupi latheratu."

A Lyall anamwetulira.

"Ndi maluwa aja," anayankha a Noeleen msangamsanga.

Mphindi khumi zoyamba zinayenda bwino. Pulofesa anatsegula msonkhano ndi nkhani ya ndulu yomwe anachotsa mu 1974, Dokotala Dunstall anagona, a Lyall anamwetulira mpaka masaya kuwawa. Kenako Bronte anaimirira, nawerenga mawu oyamikira Bambo Hobb, munthu wodzichepetsa, wodekha, chitsanzo kwa tonse. Inu, a Lyall chibadwire anali asanayamikiridwepo pagulu. Maso awo analengeza misozi. Anadya keke yachitatu, napukuta kokonati pa jekete, naimirira.

"Ine si munthu wolankhulalankhula," anayamba choncho.

A Noeleen anafuna kuwaponda phazi pansi pa tebulo, koma anaponda la Dokotala Dunstall. Mkuluyo anadzidzimuka, nayang'ana pampando wachisanu, navula magalasi, nawapukuta, nawavalanso.

"Mayo! Clarrie wanenepa!"

Dokotala Vasilakis anathawira kuseri kwa shelefu, ndipo mabuku ankachita kugwedezeka.

"Munagonekedwa chifukwa cha chiyani m'chipatala chino, Bambo Hobb?" anafunsa Bronte mwaulemu.

"Bondo, mwana wanga. Bondo la kumanzere, la kilatchi. Ukayendetsa basi nambala 14 kukwera chitunda chija cha kumanda kasanu ndi kawiri pa tsiku..."

"Ndimayesa munali wa sitima zapamadzi? Maminitsi a 1998 akutero."

"Poyamba. Kenako madzi ananditopetsa."

Anafotokoza za bondolo kwa mphindi makumi awiri, mpaka anakwinya buluku kuti Pulofesa aone chipsera. Pulofesa anati amene anasoka pamenepo anayenera kukhala wosoka matumba a mbatata, ndipo anakangana. A Noeleen cholembera chili m'manja, kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anasowa cholemba.

Ndiye inafika nkhani ya khofi. Bronte anayala zithunzi patebulo. Mabuku onse apita kosungira katundu kunja kwa mzinda, anatero, ndipo muno mukhala mipando yofewa, makina a khofi, ndi uvuni wa mapayi a nyama.

"Mapayi otentha?" anafunsa a Lyall.

"Tsiku lonse. Ndipo yunivesite yaganiza kuti malowo adzatchedwe dzina la Pulofesa Kerslake, ndi chithunzi chawo pakhomo."

Pulofesa, yemwe zaka zonsezi ankalumbira kuti mabukuwo adzatuluka podutsa pa mtembo wake, anakhosomola n'kufunsa kuti chithunzicho chidzakhala chachikulu bwanji.

"Ovomereza akweze mkono," anatero Pulofesa, wake uli kale m'mwamba.

A Lyall anayang'ana chithunzi cha mapayi, anayang'ana akazi awo, anayang'ananso mapayi. Mkono unakwera wokha, amatero mpaka lero. Dokotala Dunstall ataona mikono iwiri anakweza wawo.

"Atatu mwa asanu," anatero Bronte, akutsegula cholembera. "Pempho ladutsa."

A Noeleen anayang'ana mashelefu awo, macheka awo, mabotolo awo, ndipo mtima unawawawa zenizeni. Anaona kuti kuchita manyazi kuli bwino kusiyana ndi kuona makina a khofi pamalo pa mabuku a azamba. Anaimirira.

"Voti imeneyo ndi yabodza. Uyu si Clarrie Hobb. Uyu ndi mwamuna wanga, ndipo sanagonekedwepo muno. Bondolo anakamuchita opaleshoni kwina."

"Noels!"

"Khala chete, wadya makeke asanu."

Anapita pa kabati ya ma atlasi, natsegula, nakoka. Mateyala analira kwii, kwii, kwii, mpaka patebulo. Maluwa ofota anali atakola m'zala za kumapazi.

"Bambo Hobb ndi awa."

"Eya, uyu ndiye Clarrie," anatero Dokotala Dunstall mokhutira, nagonanso.

Bronte Aldous anakhala pansi pang'onopang'ono. Anayang'ana Clarrie, Clarrie anamuyang'ana. Kenako, poti ndi munthu wa mapepala, anathawira m'mapepala. Anatulutsa chikalata cha malamulo nayamba kuwerenga ndi chala.

"Ngati awa si membala, ndiye kuti asanu sanakwanepo chiyambire 1993. Chipinda ndi cha yunivesite."

"Zoona," anatero a Noeleen. "Ndiye kutinso zonse zomwe komiti inagwirizana chiyambire 1993 n'zopanda ntchito. Tsegulani maminitsi a 2004, tsamba lachitatu."

Bronte anatsegula, nawerenga mokweza. Chaka chimenecho komiti inapereka kwa yunivesite kamunda ka mankhwala azitsamba komwe dokotala wolemera uja anasiya pamodzi ndi laibulale, kuti pamangidwe poimika galimoto za akuluakulu. Bambo Hobb sanatsutse.

"Kamundako chikalata chimati kopanda chilolezo cha komiti kabwerere kwa adzukulu a dokotalayo," anapitiriza a Noeleen. "Pamenepo ndi pomwe mkulu wa yunivesite amaimika galimoto yake, pamthunzi. Mukamuuza ndinu kapena ndine?"

Inu, pa yunivesite mutha kutseka dipatimenti yonse anthu n'kungodandaula pa tiyi, koma poimika galimoto ya bwana sipakhudzidwa. Bronte anawerenganso chikalatacho kawiri, thukuta lili kamukamu.

"Chikuti munthu amene anagonekedwapo m'chipatala chino," anatero potsiriza. "Chikuti akhalepo m'chipinda. Za kupuma sichikunenapo kanthu." Anatembenukira kwa a Lyall. "Bambo, inu si membala. Chokani pampando wa Bambo Hobb."

A Lyall anakaima pakhomo ngati mwana wothamangitsidwa m'kalasi. Clarrie anakankhidwira pamalo pake, ndipo voti inabwerezedwa. Pulofesa anakweza mkono, nayang'ana uku ndi uku. Dokotala Dunstall ankaliza mkonono. Dokotala Vasilakis manja anali atagwira nthiti zawo ndi kuseka. Clarrie sanasunthe. Mkono wa Pulofesa unakhala m'mwamba wokhawokha, kenako unatsika n'kuyamba kukanda khutu.

Bronte anakoleka satifiketi pa nthiti ya Clarrie, naika vinyo patsogolo pake, natuluka osatsanzika. A Noeleen analemba mzere umodzi wokha: "Pempho lakanidwa. Bambo Hobb anaima nji."

Pobwerera kunyumba ankayendetsa ndi a Noeleen. A Lyall anakhala chete mpaka pa sitolo ya nsomba, zomwe kwa iwo n'zachilendo.

"Vinyo uja bwenzi titatenga," anatero. "Mwini wake alibe pomuika."

"Vinyo ndi wa Clarrie."

"Ine ndavala jekete lothina tsiku lonse chifukwa cha iwe!"

"Iwe wandigulitsa ndi payi wa pachithunzi, Lyall. Payi woti sunamununkhize n'komwe! Clarrie zaka makumi atatu ndi chimodzi sananditsutsepo, sanandidule mawu, sanadyerepo m'laibulale mwanga."

"Ndiye ukakwatiwe naye Clarrie wakoyo!"

A Lyall amati ankadikira kuti mkazi wawo aseke, kapena akalipe. Koma a Noeleen anangoti zii, maso pamsewu, nkhope ya munthu amene akuwerengera bwinobwino. Anadutsa maloboti oyamba, achiwiri, achitatu. Atafika pa geti anazimitsa galimoto n'kupumira m'mwamba.

"Clarrie sangathe kutulutsa bini ya zinyalala Lolemba," anatero. "Tsika."