Thireyi Yathu Yomva Kuomba M'manja

Mpaka lero anthu akayamba kuomba m'manja, ine ndimayang'ana kaye ngati pafupi pali botolo. Musandiseke msanga.

Ine ndi mnzanga Tadala tili m'kalabu ya sayansi kusukulu kwathu. Pa holide tinkapita ku labu ina m'tauni muno, kumene amayeza ngati madzi ali abwino kumwa. Mayi Kalino, oyang'anira labuyo, ankadandaula msana. Makina oyezerawo amafuna munthu aimirire pomwepo: kuviika kapaipi m'botolo ili, kudikira, kuchotsa, kuviika m'linalo, mpaka dzuwa kulowa. Ndiye tinati tiwapangire thireyi yonyamula mabotolo, yozungulira yokha. Tinapeza chivindikiro cha ndowa, kamota, ndi kakompyuta kochepa ngati bokosi la machesi, kamene umakauza zochita. Mayi Kalino anati zikayenda bwino pamaso pawo, atilola kulumikiza ku makina enieniwo. Mtima wanga unali dyokodyoko!

Nzeru yoika khutu pathireyiyo, kachipangizo komva phokoso, inali yanga. (M'kalasi sindiyankhula ine, koma tsiku limenelo pakamwa panatseguka.) Ndinati poti m'labu anthu amavala magolovesi onyowa, asamagwire batani. Angoomba m'manja kamodzi, thireyi isunthe botolo limodzi.

Madzi tinakatunga tokha: ena ku damu la Mulunguzi, ena pachitsime ku Zakazaka, ena pachithaphwi china obiriwira, onunkha ngati mazira owola.

Tsiku loonetsa thireyiyo kalabu yonse inabwera, pamodzi ndi a Madamu athu a sayansi. Ndinaomba kamodzi. Thireyi inasuntha mwaulemu, kapaipi kathu koyeserera kanatsika n'kuyamwa madzi. Tadala ananditsina.

"Iwe, chagwira! Chagwiradi!"

"Atsikana athu awa!" anatero a Madamu. "Tiyeni tiwaombere m'manja mwamphamvu!"

Mayo ine.

Thireyi inayamba kuzungulira ngati chigayo. Botolo la Mulunguzi linauluka n'kukagwera m'sinki. La ku Zakazaka linasambitsa mzere wonse wakutsogolo. Akumbuyo anayesa ndi mmene tinakonzera, ndiye anawonjezera moto, ena mpaka nthungululu.

"Siyani! Siyani inu!" Tadala anakuwa, uku akuthamangitsa mabotolo.

A Madamu, pofuna kuletsa phokoso, anachita zimene amachita m'kalasi: anaomba m'manja mwaukali. "Chete! Chete!" (Thireyi inawamvera kuposa ana onse.)

Kenaka kunagwa bata. Panatsala botolo limodzi lokha, la pachithaphwi lija, litapendekeka m'mphepete, moyang'anizana ndi gauni yoyera ya Mayi Kalino. Ine manyazi atandigwira, thupi linangochita zimene amayi anandiphunzitsa ukalakwira munthu wamkulu. Ndinagwada, n'kuomba m'manja mofatsa.

"Pepani mayi."

Khuthu!

Mayi Kalino anayang'ana gauni yawo, anandiyang'ana ine, n'kutseka mphuno. Ndinadziwa kuti za makina enieni zathera pomwepo, ndipo misozi inayamba kulengeza. Koma mapewa awo anayamba kugwedezeka, mpaka anakhala pampando chifukwa cha phwete.

"Mwanangu, ulemu wako ndaumva mpaka m'nsapato," anatero. "Dzuka, manjawo upane m'khwapa. Lolemba mubwere, koma chinthu chanuchi mukachidule khutu."

Tinaika batani, ndipo thireyi ikugwira ntchito mwakachetechete. Phunziro ndalitola: usamapatse makina khutu pamalo pamene anthu ali ndi ulemu. Komabe khutulo sindinataye. Ndikufuna kuliika pachitseko cha khola la nkhuku za amayi, kuti azingoomba m'manja chitseguke. Tadala akuti ndaiwala kuti kwaya ya amayi imaphunzirira nyimbo pakhonde pathu, koma ine ndikuona ngati ndi nsanje chabe.