Nsungwi za a Yoswa Padenga la Galimoto

A Yoswa Namakhwa a kwa Malemia, amene tinawaika m'manda chaka chathachi, ankatha kukhululukira munthu wowabera nkhuku, wowadyera malire a munda, ngakhale wowatukwana pamowa. Koma munthu wodumpha nsungwi zawo za mbedza, ameneyo mlandu wake unkafika mpaka kwa adzukulu ake. Iwo ankati nsungwi yodumphidwa yafa basi. Ukaponye mbedza ku Chilwa kuyambira m'mawa mpaka nkhuku kulowa, ungakole nsapato yakale koma mlamba ayi. Asodzi ambiri amanena zomwezo, koma amangonena pakamwa. A Yoswa anazitenga ngati lamulo la khumi ndi chimodzi lomwe linatsalira paphiri.

Nsungwizo ankakadula okha m'phiri la Zomba, n'kuziwamba pamoto, kuziwongola, kuzipaka mafuta a nsatsi mpaka kuwala ngati mwana wopita kuubatizo. Kutalika kwake, akamayenda nazo panjinga nsonga inkafika pa Songani eni ake akadali pa Domasi. Akazi awo, a Christobel, ankazitcha akazi anzawo.

"Ine mafuta a nsatsi ndinawaona tsiku la ukwati," ankatero pachitsime. "Anzangawa sabata ndi sabata."

Vuto linali pozisunga. Pansi ayi, pamadutsa anthu. Choyamba anazipachika pamitanda ya denga m'nyumba, nsonga zitatulukira kunja ngati ndevu za mphaka. Zinakhala bwino mpaka tsiku lina pobwera kumunda anapeza a Zakaria, ofolera nyumba, ali pamwamba ndi mtolo wa udzu, akuyenda uku ndi uku akuimba mluzu.

"Tsikani," anatero a Yoswa.

"Ndatsala pang'ono, achimwene. Andiitana ndi mayi, akuti mukudontha."

"Mapazi anu ali pati?"

"Padenga."

"Nsungwi zanga zili pati?"

A Zakaria anayang'ana pakati pa miyendo yawo. "Koma pakati pathu pali udzu."

"Udzuwo ndi mboni chabe. Mwadumpha."

Nsungwi zonsezo zinapita kudimba la a Christobel kukayanzira nyemba, a Yoswa n'kubwerera kuphiri kukadula zina. Zatsopanozo anazimanga m'mwamba mu mtengo wa mango. Anaiwala kuti mango amapsa. Pofika Disembala mumtengo munali ana a m'mudzi monse, ena pamwamba penipeni pa nsungwi akugwedeza miyendo. Nazonso zinapita kudimba. Anthu amiseche, osati ine, amati chaka chimene chija denga silinkadontha n'komwe, ndipo amene anauza ana kuti mango okoma ali kunsonga amadziwika. Chomwe ndinaona ndi maso anga n'chakuti a Christobel anakuza dimba la nyemba.

Mwayi unabwera dziko litangolandira ufulu. Kunali mzungu wina wophunzitsa aphunzitsi, amene a Yoswa ankamulondolera maiwe a nsomba m'phiri. Anali ndi galimoto yogonamo: m'kati muli bedi, kachitofu ndi makatani amaluwa. Tsiku lobwerera kwawo galimoto inakana kulira, ndipo mzunguyo, atatopa n'kuitukwana, anawaponyera a Yoswa makiyi. Mudzi wonse unabwera kudzasuzumira bedi. A Christobel anaona nkhokwe ya mpunga yoti khoswe saboola. A Yoswa sanasuzumire n'komwe m'kati. Anaima patali manja kumbuyo, maso padenga: chitsulo chosalala, chosafuna kufolera, chosabereka mango.

Galimotoyo inkalira ikakankhidwa, choncho inkagona pachitunda itayang'ana kumunsi. A Yoswa anaphunzira giya imodzi ndipo ina sanaifune. Koma dengalo linali lozungulira ngati msana wa mvuu, nsungwi ukaziika zinkatsetsereka. Ulendo woyamba wa kunyanja anakhala m'kati, n'kuuza a Christobel kuti adutsitse luzi m'mawindo ndi kumanga kunja. Mayiwo anamanga monga amamangira mtolo wa nkhuni wopita nawo kutali. Atafika kudoko, a Yoswa anakankha chitseko, chitseko phee. China, phee. Luzi linali litamanga zitseko pamodzi ndi nsungwi, mfundo ili kunja, mwini wake ali m'kati. Anayamba kutulukira pawindo, koma a Yoswa anali ndi mimba ya munthu wosakana kuitanidwa. Mutu ndi mapewa zinatuluka, zotsalazo zinakana.

Amayi ogulitsa matemba anasiya malichero n'kuwazungulira.

"Galimoto ikubereka," anatero mmodzi.

"Musade nkhawa, mwana wayamba ndi mutu. Aliyense agwire mkono."

A Yoswa akukokedwa choncho ankangoti, "Samalani nsungwi, amayi. Ine ndilibe kanthu."

Kenaka kunabwera chaka cha 1968, pamene nyanja ya Chilwa inauma. Amene sanaone sakhulupirira. Anthu ankapita kuchilumba cha Chisi wapansi, ena panjinga, fumbi likuwalowa m'maso pamalo pomwe ankapalasa bwato. Asodzi anagwira makasu. Nsungwi zawo zinasanduka makola a nkhunda, mipanda ya bafa, zina nkhuni. M'chigwa chonse cha Domasi nsungwi za mbedza zinatsala kwa munthu mmodzi, ndipo amayi onse olima nyemba ankazipatsa moni podutsa.

"Bambo a Jenifa," anatero a Christobel, "maliro atha, zovala za malemu zimagawidwa."

"Nyanja sinafe. Yapita kukacheza. Ndili mwana inachokanso, inabwera."

"Ikamadzabwera inu mudzakhala mulipo?"

A Yoswa anavala chipewa n'kupita kwa Che Aufi, kalipentala wa pamsika, munthu wosaseka ngakhale pa chikondwerero.

"Ndikufuna thandala padenga la galimoto."

"Mbale zake zoyanika kumwamba choncho n'za ndani?"

"La nsungwi. Loti mwana asafikire, wakuba asamasule, ndipo mkazi wanga asaliganizire n'komwe."

"Ziwiri zoyambazo ndingathe," anatero Che Aufi.

Anapanga thandala la mlombwa, lotambalala kuposa denga, lokhala ndi milomo m'mbali. Analiimika chilili pamtengo, kuti pasapezeke munthu pamwamba, ndipo a Yoswa anamangirira nsungwi zawo pakatikati ndi zingwe za chikopa cha ng'ombe chonyowa. Amuna a m'mudzi analinyamula n'kuligoneka padenga. Miyendo yake inali ya zitsulo za makasu akale, ndipo Che Aufi anazipindira pansi pa kangalande ka mvula kozungulira denga, n'kuzimenya ndi hamala mpaka zinakhala ngati zinabadwira pomwepo. Dzuwa linachita mbali yake: chikopa chinauma n'kulimba ngati fupa.

Galimoto inakhala pachitunda paja osasuntha. A Christobel analowetsamo matumba a mpunga, kenaka miphika ya alendo, kenaka iwo eni. Masana kukatentha ankagona pabedi la mzungu atatseka makatani amaluwa, ndipo wofuna kuwaona ankayamba waodira. A Yoswa m'mawa uliwonse ankamanga kansanza ka mafuta kunsonga ya bango, n'kumapapasa nako padenga mosaona, kenaka n'kuima kuyang'ana kum'mawa komwe kunali fumbi lokhalokha. Anyamata ankawafunsa ngati nyanja yatumiza uthenga. Iwo ankaseka nawo, koma mimba ija inayamba kuphwa, moti pawindo paja akanatuluka osakokedwa.

Mvula ya chaka chotsatira inagwa ngati ikupepesa. Mtsinje wa Domasi unasefukira n'kutenga mbuzi ya a Zakaria pamodzi ndi chikhomo chake. Posakhalitsa wapanjinga wina anabwera ndi mawu akuti madzi afika m'mabango, ndipo milamba yatuluka m'matope momwe inabisala, yanjala, yoti ingameze ndi chala chomwe. Amuna onse amene anawotcha nsungwi zawo anapezeka pabwalo la a Yoswa, zipewa zili m'manja, akufunsa za thanzi la m'banja.

"Thanzi lilipo," anatero a Yoswa. "Wokankha galimoto ndimubwereka nsungwi."

A Christobel anakana kutsikamo. "Nyumba yanga siyenda ine kulibe." Choncho anapita nawo atakhala pabedi, Che Aufi ali kutsogolo ngati mlendo wolemekezeka, enawo akukankha, kukwera, kutsika, kukankhanso. Anadutsa minda ya mpunga mpaka pomwe msewu unasanduka phala. Galimoto inatsokomola, n'kutitimira mpaka m'mimba, n'kuzima. Madzi anali pomwepo, mtunda woponya mwala, ndipo milamba inkamveka ikuvundula m'mabango.

A Yoswa anatsika akumwetulira, n'kuyang'ana padenga. Kumwetulira kunatha pang'onopang'ono.

"Che Aufi, timasula bwanji?"

"Munati mwana asafikire, wakuba asamasule."

"Nanga mwini wake?"

"Za mwini wake simunanene."

Anayesa kukoka thandala, zitsulo za makasu zinangowaseka. Anayesa kunyamulana pamapewa, mkono sunafike pakati. Anamanga mpeni kunsonga ya bango, chikopa chinabweza mpeni. Njira inali imodzi yokha ndipo aliyense ankaiona: munthu akwere padenga, aime pamwamba pa nsungwi, adule zingwe.

"Ndikwere?" anafunsa a Zakaria ndi mawu aang'ono. "Ine ndinalakwa kale, sindingalakwenso kwambiri."

A Yoswa anakhala pansi pamatope, ndi buluku lawo la kutchalitchi. Anayang'ana madzi amene anawadikira nthawi yonse ija, anayang'ana amuna amene ana awo anali ataiwala fungo la nsomba.

"Kwerani, a Zakaria," anatero. "Mwina zonsezi zinali za m'mutu mwanga."

A Zakaria anali ataika phazi patayala pamene chitseko chinatseguka.

"Chotsani phazi limenelo." Anali a Christobel, atanyamula mphika m'manja. "Ine ndapirira nsungwi zimenezi kuyambira ndili ndi mano onse. Zisadzafe lero ine ndikuona. Tulutsani mpunga wanga."

Anatulutsa mpunga, miphika, makatani amaluwa.

"Tsopano imani mbali iyi nonse. Ngati munthu sangakwere, galimoto igone."

"Mayi a Jenifa," anatero a Yoswa, "ikagona pamenepa sidzadzukanso. Bedi lanu lija."

"Ndinabadwira pamphasa. Kankhani, abambo inu, mukuyang'ana chiyani?"

Anakankha akuimba nyimbo yokokera bwato. Galimoto inapendekeka, inaganiza kaye, kenaka inagona chammbali m'matope mwaulemu ngati ng'ombe yokhuta. Denga linayang'anizana ndi a Yoswa, nsungwi zili pamsinkhu wa chifuwa chawo, zonyezimira mbali imodzi yokha momwe kansanza kankafika. Anadula zingwe okha. Mwamuna aliyense anamupatsa yake ndi manja awiri, ngati akupereka mwana wakhanda, ndipo aliyense anailandira ataisenza pamwamba pa mutu. Yowongoka kuposa zonse anaipereka kwa a Christobel. Iwo eni anatsala ndi yokhota.

Tsiku limenelo milamba inkachita kulimbirana mbedza. Ena amati Che Aufi, amene anali asanawedzepo, anakola mlamba wotalika ngati chitseko, ndipo anaoneka mano koyamba. Pobwerera anayenda wapansi, nsomba zili pamitu, nsungwi zili pamapewa, a Yoswa ali kumbuyo akulalatira aliyense wotsitsa dzanja. Galimoto inatsala komweko. Nyanja inapitiriza kukwera mpaka inaimeza, ndipo a Yoswa ankati bedi la mzungu tsopano zimagonapo nsomba za makumba, nazonso zione chitukuko.

Anakhalanso zaka zingapo akuwedza, mimba inabwerera pamalo pake. Anamwalira masana ena atangodya, atatsamira chipupa, pakati pa nkhani ya mlamba umene unawathawa. Omvera anadikira kuti apitirize, poganiza kuti akuyeza kukula kwake m'mutu.

Nyanja ilipo, yadzaza, ndipo anyamata amene ankawaseka aja ndi amene akudyetsa mabanja ndi mbedza. Koma njira ya kudoko yatalika. Kale munthu unkangozindikira wafika, nthiti zikuwawa ndi kuseka nkhani za a Yoswa. Lero umamva phazi lililonse. Sabata yatha ndinadutsa kwa a Christobel, ndinawapeza pakhonde akutsuka m'manja, dzuwa likadali pamutu. Ndinawafunsa ngati nsomba za masiku ano zasintha.

"Nsomba n'zomwezo," anatero. "Kungoti timatha kudya msanga."