Galimoto ya a Kobasi ndi Matalala a ku Joni

Amene akuti ndine wabodza asunthe mpando abwere pafupi, andiyang'ane m'maso muno. Ine Twaibu kunama sindinaphunzire, ndipo za galimoto ija ndinaziona ndi maso, ndinazigwira ndi manja, zina ndinachita kuzinyambita ndi lilime lomweli. Inu mukaona minibasi yatsopano ya ku Mangochi mumati mwaona galimoto. Simunaone kanthu.

Ndinafika ku Joni m'zaka za m'ma 90 nditanyamula kachikwama ndi adiresi yolakwika, ndipo ntchito ndinaipeza ku Spartan, kufupi ndi Kempton Park, yosesa m'garaja ya mzungu wina wachikulire dzina lake a Kobasi. Anali chimunthu chachikulu, aukali pakamwa koma mtima wa mwana. Ankandilankhula chifanakalo cha ku migodi, ine n'kumayankha Chichewa, ndipo tinkamvana kuposa anthu obadwa bere limodzi. Iwo ndi akazi awo, mai Ana, analibe mwana, ndiye mwana wawo anali kuseri kwa garaja, atafunda lona: galimoto ya ku Amereka ya m'zaka za m'ma 60, yofiira ngati tsabola wakupsa, chiwongolero chili kumanzere, denga lake lansalu lopindikira kumbuyo ngati ambulera, boneti yake yaitali moti ukayamba kupukuta m'mawa umafika kumapeto dzuwa lili paliwombo. Anaigula ili chiphapha, nkhuku zikuikira mazira pampando, ndipo anatha zaka akuidzutsa.

Tsono galimoto zoterezi zili ndi mwambo wake. A Kobasi anandiphunzitsa kuti anthu osunga galimoto zakale safuna kukongola chabe, amafuna ikhale mmene inatulukira ku fakitale: nambala ya pa injini igwirizane ndi ya pathupi, penti akhale mtundu womwewo, ulusi wa pamipando uyende mmene unayendera poyamba, ngakhale kabawuti kobisika kamene munthu sadzakaona kakhale ka chaka chomwecho. Zonse zikakhala zenizeni, mtengo wake ndi wa nyumba ya mabwana. Kabawuti kamodzi kakakhala kachilendo, basi, yasanduka galimoto wamba.

Apa ndi pamene mphatso yanga inatulukira. Ndinkangoika kabawuti palilime n'kudziwa kwawo: ka ku Amereka kamamveka kamchere pang'ono, ka ku Joni komweko, ku Germiston, kamawawa ngati ndulu, ndipo ndikakatembenuza kawiri m'kamwa ndinkanena chaka, mwezi, ngakhale kuti amene anakamanga anali wamanzere ndipo m'mawa wa tsikulo anali atayambana ndi mkazi wake. Mukumva? A Kobasi anataya mabuku awo onse, akangopeza chitsulo ankati, "Twaibu, tsegula pakamwa."

Chinatsala chinthu chimodzi: kamutu ka ndodo ya giya, kamtengo kosalala kokhala ndi manambala pamwamba. Popanda iko, ntchito ya zaka zonsezo inali ngati mkwati wovala suti koma alibe nsapato. Loweruka lililonse ndinkayenda m'malo otayako galimoto zakufa, Boksburg, Benoni, Springs, kufukula milu ya zitsulo mpaka zikhadabo zinatha, osakapeza. Tsiku lina ndili mu takisi ku Brakpan, mphepo ikuchokera ku Tsakane, ndinamva fungo lake, walahi ndinalimva, ndinatsikira pomwepo ndi kulondola mphuno ngati galu, kudutsa njanji, kudutsa msika, kudutsa pakati pa ukwati wa eni ake, mpaka ndinakakapeza kali kumutu kwa ndodo ya mkulu wina wachisutu wogulitsa malalanje, amene anakatola kalekale pamulu wa zitsulo. Mkuluyo anati sagulitsa, pokhapokha nditamusemera mutu wina wokwana dzanja lake. Ndinasema mitu yodzaza beseni, womaliza ndiwo unamukwana. A Kobasi atakaona anakhala pansi pasimenti, analira, kenako anandiopseza kuti ndikauza munthu zoti analira andichotsa ntchito.

Koma tisanaiyendetse n'komwe, matenda ofa ziwalo anawagwira. Dzanja lamanzere linauma, pakamwa panapotoka, mawu anathawa. Garaja inazizira. Mai Ana, pofuna kupeza zowasamalira, anaitana munthu wosunga galimoto zakale wa ku Kepi kuti adzaigule, bambo wowonda wa chipewa choyera, amene anabwera ndi tochi, kakalilole ka pandodo ndi chibuku chonenepa ngati pilo. Anakwawira kunsi kwa galimoto Lachiwiri ndipo anatuluka Lachisanu ndevu zitamera, nati sanapeze cholakwika ngakhale chimodzi, zonse ndi za ku fakitale, koma galimoto yosayenda ndi chithunzi chabe, akufuna aimve pamsewu.

Ndinanyamula a Kobasi ngati khanda ndi kuwakhazika kutsogolo, chifukwa ndinati galimoto yawo isapite kwa eni ena iwo asanaikwerepo. Bambo wa ku Kepi atakhala kumbuyo, tinapinda denga. Injini italira, nkhunda zonse za ku Spartan zinagwa pamadenga, agalu anaiwala kuuwa, ndipo titalowa msewu wodutsa pabwalo la ndege tinapeza ndege ikunyamuka, ndinaidutsa ngati yaima, woyendetsa anachita kutsegula zenera kufunsa ngati tikugulitsa. Mukumva? Chipewa cha bambo wa ku Kepi chinauluka ku Boksburg, chinatipeza mawa lake chitakwera takisi.

Ndiye inu simudziwa mvula yamasana ya ku Joni. Kumwamba kunali mbee, mwadzidzidzi kunada bii, ndipo anayamba kugwa matalala, osati timiyala ta kuno iti, matalala aakulu ngati mango a boloma, oti limodzi lokha likanakhudza boneti, penti wa ku fakitale akanathera pomwepo pamodzi ndi chiyembekezo cha mai Ana, ndipo nthawi yoimika galimoto kukweza denga panalibe. Ndinayang'ana kumwamba, ndinawerenga matalala onse ndi kudziwa pamene lililonse ligwere, ndinayamba kudutsa pakati pake, kumanja, kumanzere, pena ndi matayala awiri okha, lina ndinalizemba pafupi moti linandimeta tsitsi la pakhutu ili, onani silinamerenso, mpaka tinakalowa pansi pa denga la malo omwetsera mafuta ku Vosloorus tili ouma gwa, galimoto yopanda ngakhale kadontho. Phokoso la injini linatipeza titatsika kale, lili wefuwefu.

Nditatembenuka ndinaona dzanja lija lakufa lili pakamutu ka giya, litagwira zolimba. A Kobasi ankaseka ndi theka la pakamwa, misozi ikuyenderera, ndipo ananena mawu awo oyamba chidwalireni: "Futi." Pachifanakalo ndiye kuti tibwerezenso.

Bambo wa ku Kepi anati aitenga lero lomwe pamtengo uliwonse umene mai Ana anene. Iwo anayang'ana amuna awo nthawi yaitali, n'kuti, "Pepani bambo, mwavutika ndi ulendo. Mwini wake wadzuka." Anagulitsa garaja m'malo mwake, ine anandisunga wa m'munda ndi wosamala odwala, ndipo a Kobasi anakhala zaka zingapo ndithu, Lamlungu lililonse tikuwayendetsa denga lili lopinda.

Akazi anga awo akutsokomolera dala pakhomopo, chifukwa chithunzi chimene anatijambula a pamalo omwetsera mafuta aja amasunga ndi iwo m'sutikesi. Chabwino, musavutike kukachitenga. Chiwongolero anagwira ndi mai Ana, ine laisensi sindinakhalepo nayo. Ndinali kumbuyo, manja onse awiri nditagwira mapewa a a Kobasi kuti asagwe, maso nditatsinzina, ndikukuwa kuti kumanja, kumanzere. Koma ndiuzeni inu nomwe: wogwira chiwongolero maso ali pamsewu, ndi wolondolera galimoto pakati pa matalala ali chitsinzinire, katswiri ndani pamenepo?