Mapulasitala pa Kompyuta ya a Cyprian

Mphekesera inayamba manda asanakwiriridwe n'komwe, akabaza a pa Kamwendo n'kuipalasa mpaka ku Ludzi. Akuti a Cyprian, alembi a kopaletivi yathu ya mtedza, ataona kuti thupi likukana, anafufuta m'kompyuta mayina a onse amene anayambana nawo. Inenso khutu limodzi linavomera, poti mkuluyo chakukhosi ankasunga ngati mbewu.

Koma chimene a Cyprian ankadziwika nacho ndi pulasitala. Wa pachilonda yemweyu. Galasi la kompyuta ya kuofesi linali zigamba zokhazokha, ngati chubu cha njinga yotopa.

Pulogalamu yolembera mamembala anaikonza ndi Loveness, mwana wa mlongo wawo, amene anaphunzira za makompyuta ku Lilongwe. Mbali imene alimi amaiona pafoni anaikongoletsa miyezi itatu. Mbali ya alembi, imene eni ntchitoyo amati adimini, sanavutike nayo. Akuti imabwera yopangiratu pamodzi ndi zida zomangira pulogalamu, ngati chitseko chogula ndi felemu yake. Anangoitsegula n'kuwapatsa amalume ake.

Tsiku loyamba a Cyprian analoza batani lofiira.

"Ichi n'cha chiyani?"

"Chofufutira munthu, amalume."

"Ndiye wachiika pafupi ndi chosungira? Mankhwala a makoswe pambali pa shuga?"

A Cyprian anapita kugolosale, pobwera ali ndi pulasitala, phaa pabatanipo. Tsoka lake, tsamba likakwera batani limasuntha. Iwo n'kumata wina. Pofika Khirisimasi ankawerenga mayina posuzumira m'mipata, ngati woonera ukwati kunja kwa mpanda.

Nkhondo ina inali ya bokosi la dzina. Loveness atabwera patchuthi anapeza membala wolembedwa kuti "Wa mbuzi yotsimphina, kuseri kwa mjigo."

"Amalume, bokosi la dzina ndi la dzina."

"Iwe, a Jane Phiri ndili nawo seveni. Mbuzi yotsimphina ndi imodzi."

"Nanga ikafa?"

"Tidzalemba kuti wa malemu mbuzi."

Loveness anaseka, nati akonza akapeza mpata. Mpatawo unatenga zaka zinayi.

A Cyprian anamwalira mu Okutobala, mitambo itayamba kusonkhana cha ku Zambia. Mbewu ya mtedza inali itafika, ndipo lamulo la kopaletivi n'lakuti wopanda dzina m'kompyuta salandira. A Pius, apampando athu, analemba "Esitele Zulu" katatu m'bokosi losakira. Zii. Mai Esitele ndi amasiye a ana anayi, mizere anali atapanga kale. Ndipo aliyense ankakumbukira kuti chaka chatha nkhuku zawo zinapalasa nazale ya fodya ya a Cyprian, awiriwo n'kunyozana mpaka pakhomo pa tchalitchi. Mphekesera ija inamera miyendo pamenepo.

Loveness anakhala pampando wa amalume ake patapita masiku atatu chiikire maliro. Kumanda sanalire, apanso misozi sinabwere. Mpando unali utazolowera thupi la munthu wina. Anayamba kumatula mapulasitala aja mmodzimmodzi n'kumawasanja patebulo, osadziwa kuti akuwasanjiranji. Mai Esitele anali chiimire pakhomo, thumba lopanda kanthu lili m'khwapa.

"Mayi, amalume ankakuitanani kuti chiyani?" anafunsa Loveness.

"Kundiitana? Ankangonditukwana."

"Ankati bwanji potukwanapo?"

"Ankati wa nkhuku zopanda mwambo."

Loveness analemba "nkhuku" m'bokosi losakira. Panatuluka mzere umodzi, iye n'kuwerenga mokweza, mawu osakwera osatsika: "Wa nkhuku zopanda mwambo, Ludzi. Ayambe ndiye kulandira, alibe womulimira."

Palibe anaseka.

"Ndine amene," anatero Mai Esitele, n'kutambasula thumba.

Ena amene ankati afufutidwa anapezeka chimodzimodzi, wina pa njinga yopanda mabuleki, wina pa chifuwa cha m'tchalitchi. Inenso ndinadzipezamo: "Mkulu wabodza, Kamwendo." Za ameneyo tisakambe.

Sabata imeneyo Loveness sanabwerere ku Lilongwe. A Pius atamufunsa chimene akukonza poti mbewu yagawidwa kale, anayankha maso ali pagalasi.

"Tsamba ili analipangira anthu ngati ine, osuzumira m'nkhokwe ya mayina kamodzi pamwezi. Ine ndinalipereka kwa munthu wokhalamo tsiku lonse."

Anachotsa batani lofiira. Mabokosi amene amalume sankawagwiritsa ntchito anawabisa. Pansi pa dzina anaika bokosi latsopano, lalikulu, lolembedwa m'Chichewa kuti "Timam'dziwa bwanji?" Kenako anatola mapulasitala aja, anawaika mu envulopu, n'kukwera minibasi.

Galasi pano ndi loyera, zonse zikuoneka bwinobwino. Bokosi latsopanolo a Pius amalisiya lopanda kanthu, akuti sadziwa cholembamo. Ukadutsa paofesi masana sumvanso munthu akukalipira kompyuta. Wagolosale akuti pulasitala anasiya kuyenda malonda.

Za mphekesera ija. Pulogalamuyo imasunga mbiri ya chilichonse chimene mlembi wachita, ndipo Loveness asanapite anaiwerenga yonse, zaka zinayi zathunthu. A Cyprian sanafufute munthu ndi mmodzi yemwe.