Masamba Amene Ndinaika Pamsewu ku Bangwe

Mpaka lero ndikapeza masamba ataikidwa pamsewu, anzanga amangovula zisoti n'kudutsa mwaulemu, koma ine thukuta limayenderera kumsana. Ndili ndi mbiri yanga ndi masamba amenewa, ndipo amene anakhalako ku Bangwe zaka zimenezo mwina anaimva kale, itathiridwa mchere wambiri. Lekani ndiifotokoze ndekha mmene inayendera.

Zinachitika zipani zambiri zitangoyamba kumene, nthawi ija aliyense pakamwa pake panali mawu oti chitukuko. Ndinali nditangolembedwa ntchito pa banki ina ya kuno kummwera (dzina ndilisunge, ena mwa anthu ake akadali moyo), pa kanthambi kake katsopano ka ku Bangwe. Ndinali pa miyezi yoyesedwa, ija amafuna akuone kaye ngati mutu wako umakoka. Chuma changa chinali tayi imodzi, nsapato zopolishidwa bwino ndi mtima wofuna kuonekera.

Banki inkafuna kuti anthu asamaione ngati nyumba ya mabwana okhaokha, choncho inamanga kiyosiki ya madzi chakumtunda, kumene amayi ankalawirira kukatunga m'makhwawa. Malo omangapo anapereka ulere ndi a Namakhwa, bambo wachikulire amene anapuma ntchito ya njanji. Anangodula ngodya ya poloti yawo m'mbali mwa msewu n'kunena kuti madzi abwere. Koma pamene kiyosiki inkatha, iwo anali atagona. Chifuwa chinawagwira m'nyengo yozizira ndipo sanaonekenso panja. Dera lonse linkadziwa zimenezi. Zaka zimenezo maliro anali ochuluka, moti munthu akadwala nthawi yaitali anthu ankangokhala tcheru.

Bwana wathu pa nthambiyo anali a Mvula, munthu wosalankhula kawiri. Anandiitana mu ofesi mwawo.

"Mwambo wotsegulira kiyosiki uja ndaupereka m'manja mwako," anatero. "Ukonze zonse, kenaka ulembe nkhani yake ipite m'kanyuzipepala ka banki. Kubwera mlendo wochokera ku likulu. Aone kuti ku Bangwe sitikugona."

Ndinatuluka muja chifuwa chili patsogolo. Sindinafunse munthu aliyense nzeru, ngakhale amatero akuluakulu kuti safunsa anadya phula.

Loweruka la mwambowo ndinalawirira. Malo athyathyathya okha pafupi ndi kiyosiki anali bwalo la a Namakhwa, ndiye ndinamangitsa lona pamenepo kuti alendo asapse ndi dzuwa. Mabenchi ndinabwereka kutchalitchi. Amayi a mpingo ndinawapempha kuti aphike ndi kuimba, ndipo anabwera atavala zitenje ndi maduku, n'kuteleka miphika ikuluikulu kuseri kwa nyumba. Zonse zinali m'malo mwake, kupatula chinthu chimodzi: fumbi. Unali mwezi wotentha, msewu uli gwa. Minibasi iliyonse ikadutsa, mabenchi amene ndinapukuta ndi manja angawa ankasanduka ofiira. Ndinkangoona thalauza la mlendo wa ku likulu litadindidwa fumbi kumbuyo, ndi ntchito yanga ikuuluka nalo limodzi.

Apa m'pamene nzeru zinandifikira. Ndinakumbukira kuti lole ikawonongeka pamsewu, dalaivala amaika masamba kuti anzake achepetse liwiro. Ndinathyola masamba a mtengo wa keshya umene unali pafupi, ena ndinakaika kumtunda kwa nyumba, ena kumunsi, pakati pamsewu penipeni. (Musandifunse ngati sindinkadziwa kuti masamba pamsewu amatanthauzanso maliro. Ndinabadwira ku Zingwangwa, ndavulapo chisoti pa masamba otere kosawerengeka. Koma tsiku limenelo m'mutu mwanga munali fumbi ndi likulu basi.)

Nzeru zanga zinagwira ntchito nthawi yomweyo. Minibasi yoyamba inafika pa masamba, n'kuyamba kuyenda ngati ikuopa kuponda mazira, dalaivala n'kuzimitsa nyimbo. Fumbi silinadzuke ngakhale pang'ono. Wanjinga wina anatsika, n'kuvula chisoti, n'kudutsa akukankha njinga yake. Mwini golosale ya patsidya anazimitsa wailesi. Ine ndinaima pansi pa lona ndikukonza tayi, mumtima ndikuti: onani mmene anthu a ku Bangwe amailemekezera banki. Kuseri amayi aja anayamba kuyeserera nyimbo, ndipo mwa nyimbo zonse za m'buku anasankha ija yoyenda pang'onopang'ono.

Taganizirani nokha. Masamba pamsewu, lona pabwalo, mabenchi a kutchalitchi, miphika kuseri, amayi a maduku akuimba motsitsa, ndipo zonsezi pakhomo pa munthu amene dera lonse likudziwa kuti ali gone. Mwana wa sitandade wanu akanatha kuwerenga zimenezi. Ine ndekha ndi amene ndinkaona mwambo wa banki.

Abambo anayamba kufika mmodzimmodzi. Ankakhala pamabenchi osalankhula, zisoti zili pamaondo, mpaka benchi ya kutsogolo imene ndinasungira mlendo inadzaza. Amayi ankadutsa mowerama n'kukakhala pansi m'mbali mwa nyumba. Ndinakondwa kuona chikhamu chotere, ndipo ndinkayenda pakati pawo ndikumwetulira mano onse ali panja. Bambo wina wovala kofia, a Jafali, telala wa nyumba yoyandikana, anandikoka mkono. Maso awo anali ofiira.

"Achimwene, inu ndi achibale?"

"Iyayi, ndine wa ku banki. Zonsezi takonza ndife."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "A banki afika kale, ife a mpanda umodzi osauzidwa," anatero motsitsa, n'kukhala pansi atagwira mutu.

Ngakhale pamenepo sindinatulukire. Ndinangoganiza kuti mkuluyu wakhumudwa chifukwa sanaitanidwe mwapadera.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti minibasi yoyamba ija inali itafika kale ku Limbe. Kondakitala wake ankamudziwa Esinati, mwana wamkazi wa a Namakhwa, amene ankagulitsa kaunjika mumsika. Anangomuuza kuti, "Pepani achemwali, kwanu kuli masamba." Esinati anasiya katundu wake poyera n'kukwera minibasi yobwerera.

Kulira kwake ndinakumva asanaoneke. Anatsikira pa masamba akumunsi aja, manja ali kumutu, nsapato imodzi itatsala mumsewu.

"Bambo anga ine, mwandisiyira yani? Ndimati ndikubweretsereni mankhwala madzulo ano, bambo anga ine."

Amayi amene anakhala m'mbali mwa nyumba anaulandira mfuuwo, ndipo bwalo lonse linalira. Amayi a mpingo anatuluka kuseri ndi zipande m'manja, kudabwa kuti wamwalira ndani. Pamenepo m'pamene maso anga anapita pa masamba, pa lona, pa mabenchi, n'kubwereranso pa masamba. Ndinafuna kufuula kuti anthu inu si maliro, koma ndinali nditachedwa kale.

Esinati anakankha chitseko n'kulowa. M'katimo anapeza bambo ake atakhala pabedi, mayi ake akuwaveka jekete kuti akaoneke bwino pa mwambo. Ndinamva kukuwa kumodzi, kenaka chinthu kugwa pansi, kenaka zii. Kulira kwa panja kunayamba kuzima pang'onopang'ono, anthu akuyang'anana.

Mayi Namakhwa anatuluka. Sanayang'ane munthu. Anayenda mpaka pamsewu, n'kuima pa masamba aja.

"Waika izi ndani?"

Ndinakweza mkono ngati mwana wa sukulu. Ndipo nthawi yomweyo (tsoka silinunkha) galimoto ya banki inatulukira, ikuyenda pang'onopang'ono, a Mvula ndi mlendo wa ku likulu ali m'katimo nkhope zitagwa kale, okonzeka kupepesa.

"Mwatilaula, mwana inu," anatero mayi Namakhwa. Mawu awo sanali okweza, koma anamveka mpaka benchi yomaliza. "Ine ndikugona pansi usiku uliwonse kumvetsera ngati bambowa akupuma. Inu mwaona kuti akuchedwa, eti? Mwana wanga wakomoka m'nyumbamu. Tinakupatsani malo, inu mwatibwezera maliro. Tengani madzi anuwo muzipita nawo. Pano satsegula munthu."

Sindinaonepo manyazi otere. Koma choposa manyazi chinali chisoni, chifukwa mayiwa ankanena zoona, ndipo chimene ankachiopa tsiku lililonse ndinawabweretsera ine pakhomo, ndi mabenchi omwe. A Mvula anandikokera kuseri kwa kiyosiki.

"Madzi akatayika sawoleka," anatero. "Koma tamvera. Banja ili likapanda kukukhululukira, Lolemba usadzavutike n'kuvala tayi."

Ndinavula nsapato pakhomo, n'kulowa chokwawa. M'chipinda munali kamdima ndi fungo la mankhwala. Esinati anali atatsitsimuka, atakhala pansi atagwira phazi la bambo ake ngati wina awalanda. A Namakhwa anali ataonda kwambiri, jekete likungolendewera m'mapewa. Ndinagwada, n'kuyamba kufotokoza za fumbi, za malole, za thalauza la mlendo. Ndikamalankhula ndinkadzimvera ndekha kupusa kwanga.

Anandidula ndi dzanja. "Tsegula katani."

Ndinatsegula. Anasuzumira pawindo nthawi yaitali, akupuma movutika.

"Anthu onsewa abwerera ine?"

"Eya, bambo."

"Uyo wa kofiayo si Jafali?"

"Ndi omwewo. Amalira."

"Jafali kulira." Anatsokomola, ndipo sindinadziwe ngati kunali kuseka. "Chikanganirane za malire a mpanda, munthu uja sanandipatsepo moni. Ukudziwa, mnyamata, chiyambire kudwala pakhomo pano pamangokhala mkazi wanga, mwana uyu ndi chifuwa. Anthu amaopa odwala masiku ano. Ndimati ndidzapita ngati galu, popanda wondiperekeza."

Mayi Namakhwa anali ataima pakhomo la chipinda, manja atapinda.

"Walakwa, mnyamata. Wamuliza mwana wanga pachabe, ndipo mayi akewa sadzaiwala msanga. Usadzachitenso. Koma ine malo aja ndinapereka kuti ndione madzi akutuluka ndi maso angawa. Pita ukachotse masamba ako, ubwere undigwire mkono."

Ndinakachotsa masamba aja anthu onse akundiyang'ana, ndisanavale nsapato, tayi ili pakhosi. Nditabwerera, ndinawagwira mkono wakumanzere. Titangotuluka pakhomo, a Jafali anadzuka n'kuwagwira wakumanja. Tinayenda choncho mpaka pa kiyosiki, anthu akupatuka. Mlendo wa ku likulu anali ndi zolankhula zake zokonzeratu, koma anazibweza m'thumba, ndipo riboni sanaikhudze n'komwe. A Namakhwa anapotokola mpopi ndi manja awiri. Unayamba watsokomola mpweya, kenaka madzi anatuluka. Anatapa m'manja, n'kusamba kumaso, n'kumwako pang'ono. Amayi a mpingo anayambitsa nyimbo, ulendo uno yothamanga, ndipo anthu amene anabwera kudzalira anadya mpunga wa banki.

Nkhani ya m'kanyuzipepala ndinailemba. Ndinati mwambo unayenda mwaulemu ndipo anthu anabwera ochuluka kuposa mmene tinkayembekezera (mundiuze ngati muli bodza mmenemo). A Mvula anaiwerenga, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kuisainira. Ntchito sinathe. Koma ku Bangwe dzina langa linatha, aliyense ankangonditcha a Masamba, ndipo mayi Namakhwa akabwera kudzatunga madzi ine ndikudutsa, ankayang'ana kumbali. Zimenezi zinkandipweteka kuposa dzinalo.

Mvula yoyamba itagwa, tsiku lina m'mawa ndinaona Esinati ataima pamzere mu banki, atamanga duku, m'manja mulibe kanthu. Atafika pa kauntala yanga sanandipatse moni.

"Bambo atisiya m'bandakucha," anatero. "Anasiya mawu. Anati masamba adzaike mnyamata wa ku banki uja, ndi amene amadziwa kuitana anthu."

A Mvula anamva ali pakhomo la ofesi yawo. Anangondigwedezera mutu kuti ndipite. Ndinavula tayi n'kuisiya mu dirowa.

Mtengo wa keshya uja unali utaphukira pomwe ndinathyola paja. Ndinathyolanso n'kukaika ena kumtunda, ena kumunsi. A Jafali anali akutsitsa kale mabenchi pa ngolo. Minibasi yoyamba inafika, n'kuchepetsa liwiro, dalaivala n'kuzimitsa nyimbo. Ndinaima m'mbali mwa msewu ndikulira ngati anali bambo anga ondibala. Nditatembenuka ndinaona mayi Namakhwa atakhala pakhonde pakati pa amayi anzawo. Anandiyang'ana m'maso kwa nthawi yoyamba chichitikire zija.

"Lero mwaika pa nthawi yake, mwanangu," anatero. "Bwerani mukhale pansi."

Ndinagwira ntchito ku banki zaka zambiri pambuyo pake, ndipo miyambo yotere ndinakonza yosawerengeka, ya zipatala, ya masukulu, ya milatho. Fumbi likavuta, ndimapempha ndowa n'kuwaza madzi pamsewu. Masamba ndinaika kawiri kokha pa moyo wanga, ndipo kawiri konseko anali a munthu mmodzi.